Njinga ya Odwala Imene Ndinaiveka Zitenje

Njinga yonyamula odwala itafika kwathu, kufupi ndi Mikolongwe, ine ndinali ndi pakati pachiwiri. Mwana woyamba ndinamutaya panjira, pansi pa mtengo wa mango, tikuyenda wapansi kupita kuchipatala. Wachiwiriyu ndinalumbira kuti sindimutayira patchire.

Njingayo inapangidwa ndi kampani ina yowotcherera zitsulo ya ku Limbe, zaka zija matipate atangoyamba. Kumbuyo inkakoka kabedi ka matayala awiri, kopanda denga, wodwala n'kugona chagada ngati mtembo. Amuna a m'komiti yoyang'anira njingayo anaombera m'manja. Nanga ogonapo anali iwo? Amayife tinangoyang'anana. Kwathu mayi akamapita kukachira salengeza, amazemba mwakachetechete kuopa kuti wamtima woipa angamumange mimba. Ndiye ine ndidutse pakati pa mudzi atandiyanika poyera, belu likulira? Palibe mayi anakwerapo. Njinga inangokhala kwa atcheya a komiti, nkhuku zikuikira pakabedipo.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina atcheya ali kumsika ku Njuli, ndinauza akazi awo kuti ndikufuna kukaitsuka. Nditaikokera kwathu ndinadula nsungwi, n'kuzipinda pamwamba pa kabediko, n'kufunditsa zitenje ziwiri. Kumutu ndinaika thumba la madeya kuti munthu azikhala chotsamira.

Atcheya anabwera akupuma ngati ng'ombe yapangolo.

"Mwatani apa, mayi? Katundu wa kampani ameneyu! Chotsani nsanza zanuzi."

"Sindichotsa," ndinatero. "Mimbayi ili ndi ine kapena ili ndi inu?"

Amuna anga anandinong'oneza kuti ndikuwachititsa manyazi. Ndinawafunsa ngati manyazi amaposa maliro. Ndinali nditakwiya, komanso mantha ndinali nawo.

Kampaniyo inkatumiza mmisiri wake kudzathira girisi ndi kufunsa mmene njinga ikuyendera, koma nthawi zonse ankafunsa amuna okhaokha. Atabwera, atcheya anandinenera kwa iye. Mmisiriyo anali munthu waulemu. Anandifunsa chimene ndinachitira zimenezi.

Ndinavundukula zitenje zija. "Tagonanipo, achimwene, tikuyendetseni pang'ono."

Anaseka, n'kugonadi, amuna anga n'kuyamba kupalasa. Asanafike ndi pamjigo pomwe, mayi wina anaponya ndowa pansi, manja kumutu.

"Mayo ine! Watisiyayu ndani?"

Abambo amene ankasewera bawo anaimirira, zipewa kumanja. Mmisiri uja anadzuka, kuseka kutatha.

Tsiku limenelo anakhala pamphasa ndi amayife mpaka dzuwa kupendeka. Tinamuuza zonse: belu lichoke, chotsamira chizikwezeka, pakhale malo a mayi woperekeza. Anayeza nsungwi zanga, n'kulonjeza kuti akapanga ina ya denga. Atcheya anafunsa ngati pakadali pano nsanzazo zichoke.

"Mimba sidikira kampani," ndinawayankha mmisiri asanatsegule pakamwa. Zitenje zinabwerera pomwepo. Njinga yatsopanoyo inadzafikadi, ya tenti yobiriwira, koma inandipeza nditachira kale.

Ine ndinakwera yanga ya nsungwi. Matenda anandiyamba masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali piringupiringu m'njira. Belu tinali titalimanga ndi kansanza. Ndili mkatimo ndinamva bambo wina akufunsa amuna anga ngati akupita kukagulitsa kabichi, iwo n'kuvomera. Ndinaluma mpango kuti ndisabuule.

Patsogolo ndinasuzumira pampata wa zitenje, ndinaona mtengo wa mango uja ukubwera. Amuna anga anauonanso, chifukwa ndinamva njinga ikuchepa liwiro.

"Palasani!" ndinakuwa, osasamalanso za amene angamve.

Ndinagwira pamimba ndi manja onse awiri, n'kumuuza mwana wanga kuti apa iwe ndi ine sitiima.