Mimba ya Achemwali Itakhala Chete

Zaka zija matipate atangoyamba, achemwali anga aakulu ankaoda zitenje ku Chipata n'kumagulitsa pa bodala ya Mchinji. Anali munthu wosakhala pansi, woti ngakhale malungo ankayenda nawo. Atadwala kamwazi, m'malo mogona anagula mapilitsi oletsa kutsegula m'mimba kwa anyamata ogulitsa pafupi ndi mathiraki, kuti asamaimitse matola panjira. Ankangowatafuna ngati mtedza.

M'mimba munalekadi. Tonse tinakondwa, makamaka ine amene ndinkachapa. Koma thupi linayamba kutentha, mimba n'kufufuma mpaka chitenje osakumana. Tinawaseka kuti atibisira pathupi. Iwo sanaseke nafe.

Kuchipatala dokotala anagogoda mimbayo ndi zala, ikulira ngati ng'oma. Atawajambula anandiuza kuti thumbo lalikulu latupa ndipo lasiya kugwira ntchito, mapilitsi aja anangotsekera matenda mkati. Likaphulika, anatero, tiwataya. Anawaika diripi, mankhwala a m'mitsempha ndi kachubu pamphuno. Ine monga gadiyani anandiuza kuti ndiziwatembenuza pafupipafupi, koma pakamwa pasalowe kanthu, ngakhale madzi. Zikapanda kusintha, ndiye ulendo wa ku Lilongwe ku opaleshoni.

Vuto linali amayi. Kwathu wodwala timamuona ndi phala, ndipo kumumana n'chimodzimodzi kumutaya. Anafika kuchokera kumudzi kwa Zulu ndi kabakuli kofunda, n'kukhala pabedi supuni ili m'manja.

"Amayi, aletsa adokotala," ndinatero.

"Adokotalawo ndi amene anamubereka? Iwe ufuna kupha m'bale wako ndi njala?"

Ndinawalanda supuniyo, wodi yonse ikuona. Amayi anasiya kundiyankhula. Zinandiwawa koopsa, ndipo ndinkaopa kuti achemwali akatisiya, adzapita ndi njala yochokera m'manja mwanga.

Tsiku lina masana kunabwera apongozi awo aamuna, mkulu wa mpingo amene achemwali ankamugwadira ali patali. Ali mkati mopemphera, achemwali anaphwisa, mokweza ndiponso motalika. Anadzifunda chitenje kumutu ndi manyazi. Namwino amene ankasintha diripi anagwira mimba ija nati matumbo adzuka, akukaitana dokotala. Ine misozi inangoyamba yokha.

Mkulu uja anali chiimire, maso ali chitsinzinire. Kenako anati, "Ngati watsalamo mpweya wina, mwananga, tulutsani. Ameni adikira."