Tsiku limene malovu anawathawa abambo

Ntchito yanga ndi yofufuza makemikolo a m'thupi la munthu, ndipo nditamaliza digiri yachiwiri ndinasankha mutu umene mpaka lero ndimachita nawo manyazi akandifunsa paukwati: malovu. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake tiyi wopanda mkaka amaumitsa m'kamwa. M'masamba a tiyi muli timakemikolo timene timagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, ndiye kuti ndione bwino zimenezi ndinkafunika malovu a anthu, ambiri ndithu.

Ndinapita kwathu ku Thyolo ndi katoni ya timabotolo. Abambo anga anagwira ntchito yolawa tiyi kufakitale ya pa esiteti mpaka kupuma. Ankatunga ndi supuni, kuzunguza m'kamwa, n'kulavula, tsiku lonse.

"Ndiye sukulu yonse ija mapeto ake ndi malovu?" anandifunsa.

"Eya, ababa."

"Basi, wafika kwa eniake. Thyolo yense uyu palibe analavulapo kuposa ine."

M'mawa mwake anavala jekete ndi tayi, n'kuitana anthu oyandikana nafe kuti adzaonerere. Anakhala pakhonde, ndinawapatsa kabotolo. Anakonza pakhosi, anaweramira kabotoloko, koma osatuluka kanthu. M'kamwa munali mutauma gwa.

"Kabotolo kakoka n'kakang'ono, kakundinyoza," anatero.

Ndinawapatsa kena kokulirapo. Ayi ndithu.

"Anthu inu mukundiyang'anitsitsa!"

Anthu onse anatembenuka n'kuyang'ana kumunda wa tiyi. Pagulupo panali mayi ena othyola tiyi, anzawo a amayi anga, amene ndinali nditawapatsanso timabotolo. Iwo ali chitembenukire choncho anadzaza tiwiri, n'kufunsa ngati panali kachitatu. Abambo thukuta linali kamukamu, tayi atamasula.

Amayi anangolowa m'nyumba. Anatuluka ndi ndimu ndi mpeni, anakhala moyang'anizana ndi abambo, n'kudula ndimuyo pang'onopang'ono. Kenaka anayamba kuyamwa, nkhope itachita makwinya, diso limodzi atatsinzina. Khonde lonse linayamba kumeza malovu. Abambo anadzaza kabotolo kaja mpaka m'khosi, n'kukakweza m'mwamba, anthu n'kuwomba m'manja. Sindinalimbe mtima kuwauza kuti malovu obwera chifukwa cha ndimu ndi osiyana ndi amene ndinkafuna. Ndinangolemba pa kabotolopo kuti "a ndimu".

Nditabwerera ku yunivesite, abambo ankandiimbira foni Lachisanu lililonse kufunsa zotsatira. Pomaliza ndinawauza zoona: malovu awo anali wamba, ndipo amene anali ndi mapuloteni ochuluka kuposa a onse anali a mayi othyola tiyi aja.



"Makina akowo analawapo tiyi chibadwire?"

"Ayi, ababa."

"Ndiye akudziwa chiyani?" Foni anadula.

Amayi anandiuza kuti sabata yonse abambo sanawapatse moni mayi aja. Kenaka abambowo anaganiza kuti luso lotero lisaonongeke, anawaitana kuti awaphunzitse kulawa tiyi. Pa tchuthi ndinawapeza pakhonde, makapu asanu ali pamzere.

"Zunguzani m'kamwa, mayi. Eya! Tsopano lavulani!"

Mayiwo anameza.

"Ndati mulavule!"

"Bambo, masambawa ndathyola ndine, pamvula, dengu lili kumsana. Ndilavule?" Anatenga kapu yachiwiri n'kufunsa amayi anga ngati m'nyumbamo munali shuga.