Chitsulo Chimene Tinatola Kuphiri

Anzanga, nkhani iyi si yopeka ayi. Ndikanakonda ikanakhala yabodza, koma manda ake alipo ndipo ndimakalambulako chaka ndi chaka.

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Kalingalinga, ndipo nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga. Loweruka lina a kutchalitchi anakonza zoti tikayende wapansi kumidzi ya kunja kwa Lusaka, tikaone pamene kale panali msasa wa omenyera ufulu a m'mayiko oyandikana nafe. Basi inatitsitsa pamsewu, ife n'kuyamba kukwera phiri, kutsogolo kuli bamudala a m'mudzi momwemo. Anatisonyeza maenje obisalamo atamera udzu, ndi pomwe ndege zinaponya mabomba iwo ali mnyamata, anthu n'kukwiriridwa dzenje limodzi popanda wodziwa mayina awo. Nyimbo zimene tinkaimba m'njira zinathera pomwepo.

Koma ife a zitsulo mukutidziwa, kodi tingadutse chitsulo chili pansi? Ena akupemphera, ine ndi alamu maso ali m'udzu, mpaka tinatola ziwiri zadzimbiri, zolemera, zotalika ngati botolo. Bamudala aja ataona changa m'manja anakuwa kuti aliyense aime pomwe ali, n'kundiuza kuti ndichiike pansi pang'onopang'ono ngati dzira, chifukwa ndi bomba ndipo zimenezo sizikalamba. Mayo ine, ndinachiika pansi monga ananenera! Kenako anafunsa ngati pali wina amene watolanso.

Apa ndiye pamandiwawa. Ndinkadziwa kuti china chili m'chikwama cha alamu. Iwo ananditsinzinira diso, ine n'kungoti duu. Ndinkaopa kuwachititsa manyazi pamaso pa abusa, komanso mumtima ndinkati chinthu chavumbwa ndi mvula zaka zonsezi, chingachitenji? Pobwerera chikwamacho chinali pamiyendo pawo, basi yodzaza azimayi, ine maso ali pachikwamacho pabampu iliyonse. Titatsika bwinobwino ndinadziseka ndekha kuti ndine wamantha.

Lolemba m'mawa alamu anandituma ku Kamwala kukagula penti, iwo akuti atsale achidule chitsulo chija ndi galainda aone ngati muli mkuwa, ine osawaletsa. Pobwera ndinapeza khamu la anthu, malata a shedi yathu ali pamsewu, apolisi atatchinga njira, mlongo wanga akugubuduzika pafumbi. Sanandilole kuvundukula chitenje chimene anafunditsa pansipo.

Mpaka lero mlongo wangayo amandithokoza kuti ndikumulerera ana, osadziwa kuti ndikanangotsegula pakamwa kuphiri kuja, bambo awo bwenzi alipo. Ena amati mizimu ya anthu aja inakwiya, koma ine ndimakhulupirira kuti nkhondo ija inangogona m'nthaka, ndipo amene anailola kukwera basi ndine. Mukapita kumalo akalewa manja azikhala m'thumba, ndipo mukaona mnzanu watola chimene sakuchidziwa, muululeni pomwepo ngakhale akhale mlamu wanu. Bola akukwiyireni ali moyo.