Khutu la Aneba

Aneba athu sadziwa kukhala pansi. Tiyi amamwa ali chiimire, ndipo akamacheza zala zimangogogoda pathebulo. Anakalambira pa ntchito yoyendetsa makina oonetsera kanema, moti mpaka lero firiji yathu ikangosintha kaliridwe amatulukira pakhomo n'kuuza mayi anga kuti: "Mayi, chinthu chanuchi chikudwala." Diso lawo lamanzere linafa kalekale.

Mwezi watha kuholo kunali chionetsero cha mafilimu akale okonzedwanso, aja ukavala magalasi zinthu zimaoneka ngati zikutuluka pachinsalu. Filimu yotere imayenda pa makina awiri nthawi imodzi, ena a diso lamanja, ena a lamanzere. Ndinawaperekeza, ngakhale ndinkadziwa kuti ndi diso limodzi sakaona chachilendo.

Pasanathe mphindi khumi anayamba kutakataka pampando. Anthu ankatikita m'maso, ena ankatuluka atagwira mutu.

"Mwana wanga, makina amodzi akutsalira," anandinong'oneza. "Sukumva?"

Ine ndinkangomva nyimbo za mufilimumo. Anadzuka, n'kuponda mapazi a anthu mzere wonse kulunjika kuchipinda cha makina, ine pambuyo. Pamwamba pa masitepe mayi woyendetsa makina anatitsekera njira.

"Agogo, muno salowa aliyense."

"Sindilowa. Koma imitsani, muone a kumanzerewo, anthu asanathe muholomu."

Mayiyo anaimitsa monyinyirika, ndipo anapezadi kuti akutsalira, n'kuwakonza. Filimu itayambanso, hatchi inalumpha kuchoka pachinsalu, holo yonse n'kukuwa, mitu pansi. Aneba chinsalucho sanachiyang'ane n'komwe. Maso, kapena nditi diso, linali pa anthu.

"Yangatu filimu ndi imeneyi," anatero, ali chiimire.