Tambala wa Petulo pa Khoma la Tchalitchi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikugulitsa mbatata ya kachewere pamsewu pa Chimbiya. Pofuna kuti minibasi ziziima, ndinajambula ndi khala pa katoni mayi atasenza dengu. Tsiku lina panaima bambo wamfupi, penti ili mbuu m'zikhadabo. Anali a Gelevazio, mmisiri wojambula zithunzi m'matchalitchi. Mbatata sanagule ndi imodzi yomwe. Anangoti, "Khosi la mayiyu latalika, koma dzanja uli nalo. Lolemba ubwere." Ine kulumpha kwake! Malondawo ndinasiyira mlongo wanga tsiku lomwelo.

Chinali chaka cha riferendamu, ndipo tchalitchi chatsopano chimene tinkagwirako ntchito chinali kumtunda kwa Linthipe, kumene chifunga chimachoka dzuwa litakwera. Miyezi yoyamba sindinajambule ngakhale chala cha munthu. Ndinkakwecha khoma ndi sandipepa, kutsuka mabulashi m'palafini, kugwirira makwerero. Kenaka ndinaphunzira kupaka makala pachingwe, kuchikunga pakhoma n'kuchimenya kuti chisiye mizere ya timabokosi, totithandiza kukuza chithunzi cha papepala.

A Gelevazio anali ndi lamulo lawo: sujambula munthu amene sukumudziwa. Tikamasakaniza penti ankandifunsa ngati pa katekisimu. "Emanuele ndiye kuti chiyani?" Mulungu ali nafe. "Betelehemu?" Nyumba ya buledi. Agustino Woyera ndi amayi ake a Monika anawajambula akuda ngati ife, chifukwa anali a kuno ku Afirika. Anandiuza kuti mayiwo analira zaka zambiri mwana wawo ali wolowerera, ndiye maso awo anayenera kuoneka otupa. Ndinkabwerera kunyumba mutu utadzaza, n'kumasimbira aliyense mpaka anthu kundithawa.

Ndiye m'mawa wina anandiloza khoma la kumanja kwa guwa. "Petulo ndi wako. Dzina lake ndi thanthwe, koma umujambule pa ola limene thanthwelo linagwedezeka, atakana Ambuye."

Abale inu, chisangalalo chake! Petulo ndinamupatsa mapewa a munthu wocheka matabwa ku Phiri la Dedza, nkhope ataiphimba ndi dzanja. Pampanda kumbuyo kwake ndinaika tambala akulira. Ndinatengera wa kwathu, wakuda bii, lipombo lofiira psuu. Ndinamukonda tambala ameneyo kuposa Petulo mwini wake.

Loweruka lomaliza, mawa lake kuli kudalitsa tchalitchi, a komiti anabwera kudzaona ntchito. Pa Monika anaomba m'manja. Atafika pa khoma langa, maso onse anathera pa tambala uja.

Mwina ana a lero sadziwa. Pa voti ija, ofuna chipani chimodzi ankavotera tambala wakuda, ofuna matipate ankavotera nyali. Ine ndinali nditajambula tambala wakuda, wamkulu ngati mbuzi, pambali pa guwa.

A Chimtengo, wapampando wa komiti, munthu wa nyali weniweni, anakalipa. "Mwalowetsa chipani m'nyumba ya Mulungu? Fufutani khoma lonseli lero!"

A Kadzamira, msungichuma wawo, wa chipani chakale cha tambala, anangoti mwee kusekerera. "Asiyeni ana agwire ntchito. Tambala ameneyu wakhala bwino zedi."

Khoma lonse! A Gelevazio anandigunyuza. "Afotokozere."

Ndinafotokoza ndi mphamvu zanga zonse. Ndinati tambalayu si wa voti ayi, ndi uja analira Petulo atakana Ambuye ake katatu, ndipo kulira kwake kunakumbutsa munthu wamantha za bodza lake. Ndinkaganiza kuti ndaponya bwino. Ndikutembenuka, ndinaona a Kadzamira nkhope yasintha.

"Ndiye mukuti tambala wathu ndi wa anthu amantha ndi abodza? Afufutidwe!"

Ha! Anthu awiri amene anali asakupatsana moni kwa miyezi anagwirizana pa khoma langa. Misozi inalengeza, ndipo sindinaibise.

A Gelevazio anavula chipewa. "Akuluakulu, tamva. Koma Petulo sanakulakwireni. Tichotse mbalame yokha." A komiti aja anakambirana pang'ono n'kuvomera. Ine ndinatenga sandipepa kuti ndikweche tambala wanga. A Gelevazio anandilanda, n'kundipatsa ndowa ya laimu. Anandinong'oneza kuti, "Usakweche. Ingopaka laimu, kamodzi kokha."

Ndinadabwa, chifukwa iwo omwe anandiphunzitsa kuti laimu sagwira pa penti ya mafuta. Koma ndinapaka, tambala n'kusanduka mtambo woyera. Mawa lake tchalitchi chinadalitsidwa, Petulo akulira yekha popanda chomuliritsa.

Kwathu kuno khoma limamwa chinyezi. Dzinja loyamba laimu anayamba kusuwa. Lachiwiri, zisankho zitadutsa, anayamba kuyoyoka. Pa Lachisanu Loyera ndinali m'tchalitchimo, akatekisiti akuwerenga za masautso a Ambuye. Atafika pamene Petulo anakana, kamtsikana kena kutsogolo kanaimirira n'kuloza khoma. "Amayi, uyo tambalayo!" Mutu ndi lipombo zinali zitatulukadi mumtambo muja. Anthu anayesa kudzigwira, koma kuseka kunayamba kwa amayi n'kufalikira kwa abambo. A Chimtengo ndi a Kadzamira anali pa benchi imodzi, mapewa akugwedezeka. Ine ndinkafuna kuvina pa tsiku losavina.

Mpaka lero, ndisanatsegule chitini cha penti, ndimafunsa za anthu awiri: amene ndikumujambula pakhoma, ndi amene adzagwade pansi pake. Ndipo akandiuza kuti ndifufute chimene ndikudziwa kuti n'choona, sindikangana nawo. Ndimapaka laimu kamodzi kokha.