Mazira Atatu Ochokera ku Mwezi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene anali namwino ku Chintheche. Inali nthawi ija masukulu a pulaiveti ankangophuka paliponse, ndipo ina ya kumeneko inkasowa mphunzitsi wa sayansi. Ine mwana wa ku Dedza, nyanja ndinkangoiona pamapu, koma ndinakwera minibasi nditamanga tayi wanga mmodzi yekhayo.

Ahedi, amenenso anali eni sukuluyo, anali Mayi Nyalongwe, munthu wosaseka wamba. "Ndikuyesani teremu imodzi," anatero. "Tsiku lina ndidzaonerera phunziro lanu. Likadzandigwira mtima mudzakhala, apo ayi mudzabwerera kwanu kozizira kuja."

Ana a Fomu 2 anali amakani, abale inu! Tsiku lina ndinkawafotokozera mmene anthu opita ku mwezi ankabwererera. Chombo chonse chimatayidwa m'njira, kumangotsala kachipinda konga fanulo yovundikira, momwe mumakhala anthu atatu. Kakamalowa mumpweya wa dziko lino kamathamanga koopsa, kunsi kwake kumachita kufiira ndi moto, n'chifukwa chake amamatako chishango chochindikala choti chizipsa m'malo mwa anthu. Kenako maparachuti amatambasuka, kachipindako n'kugwera m'nyanja yamchere. Akatswiri osambira amakamangirira chubu choyandamitsa, ndiye n'kutsegula chitseko.

Mtsikana wina wolongolola, dzina lake Tamala, anaimika mkono. "Asambizi," ndi mmene amaitanira aphunzitsi kumeneko, "munthu kugwa kuchokera ku mwezi osaphwanyika? Limenelo ndiye bodza lamkunkhuniza."

Magazi anandithamanga. Ndinalumbira pamaso pa kalasi yonse kuti ndiponya mazira atatu, m'malo mwa anthu atatu aja, kuchokera pamwamba pa thanthwe lalikulu la kunyanja, ndipo atuluka amphumphu. Nkhani siinachedwe kufika kuofesi. Mayi Nyalongwe anangoti, "Phunziro lake ndi limenelo. Ndibwera."

Tinagwira ntchito sabata yathunthu. Kachipinda kathu kanali chitini cha penti. M'kati tinathiramo utuchi, dzira lililonse titalikulunga m'thonje. Chivindikiro tinachimata ndi phula la kandulo kuti madzi asalowe. Kunsi tinamangirirako phale m'malo mwa chishango, titayamba taliika pambaula kuti ana aone kuti thonje la pamwamba pake silikupsa. Parachuti tinasoka ndi nsalu ya ambulera yakale, zingwe zake ulusi wa ukonde. Chubu cha wilibala tinachikoleka m'chiuno mwa chitini tisanaponye.

Lachisanu m'mawa tinatsikira kunyanja, ahedi ali pambuyo ndi mpando wawo. Ndinakwera thanthwe, n'kuponya. Ambulera inatambasuka bwinobwino, chitini n'kutera pamadzi, phava! Ana anakuwa, ine n'kuweramira anthu ngati woimba.

Chimwemwe chinathera pomwepo. Nsalu ija siinamire, inakodwa pachivindikiro n'kusanduka thanga. Kamphepo kochokera kumtunda kanayamba kukankha chitini, ulendo wa ku Likoma. Sabata yonse ndinkangoganiza za katsikidwe, za bwato lokatola osaziganizako n'komwe. Anyamata anayamba kuvula malaya, koma ahedi anakalipa: "Mwana wa mwini asalowe m'madzi amenewo!" Kenako anandiyang'ana. "Aphunzitsi, anthu anu aja akupitatu."

Ndinachita mantha enieni. Ndinadziona ndikutsika basi pa Dedza, chikwama kumutu, teremu isanathe.

Chapafupi amuna ankakoka khoka, ukonde waukulu uja amauponya mozungulira n'kumaukokera kumtunda ndi zingwe ziwiri. Ndinathamangira kwa mwini wake, Ada Mphande, bambo wamimba yaikulu ndi mawu a bingu. Anayang'ana chitini, n'kuyang'ana tayi wanga. "Kachitini kanuko kadutsa pakati pa zingwe zanga. Musangoima, gwirani chingwe, tikachedwa kalumpha!"

Tinagwira kalasi yonse. Kukoka khoka si masewera: umakoka ukubwerera chambuyo, ukafika kumtunda n'kuthamangira kutsogolo kukagwiranso, nyimbo ili pakamwa. M'manja mwanga munatuluka matuza. Nditacheuka ndinaona Mayi Nyalongwe atavula nsapato, atamanga chitenje, akukoka kuposa ine.

Chitini chinatuluka pakati pa nsomba za utaka zophiriphitha. Nditatambasula mkono, Ada Mphande anandigwira. "Pepani asambizi. Kuno cholowa m'khoka n'cha mwini khoka. Nditsegula ndine." Anapala phula ndi mpeni, n'kufukula utuchi ndi zala zonona mamba. Anayamba kutulutsa mazira. Loyamba, lamphumphu. Lachiwiri, lamphumphu. Lachitatu analikweza kudzuwa, kulitembenuza uku ndi uku dala kuti andizunze, ndiye n'kufuula, "Onse ali moyo!" Tamala anavina mpaka kugwera mumchenga.

Mazirawo Ada Mphande anawaika m'chipewa chawo, ati ndiwo za ana awo. Koma mwambo womwewo umati wogwira chingwe sabwerera chimanjamanja, choncho aliyense wa ife anapatsidwa kamulu ka utaka. Anga anandithirira m'chitini momwemo.

Pobwerera ahedi ankayenda pambali panga, nsomba zawo zili m'chitenje. Titafika pageti anaima. "Anthu anu apulumuka kumoto ndi kumadzi, koma akathera m'chiwaya. Teremu yamawa muzipangana kaye ndi a bwato musanaponye chilichonse."

Teremu yamawa! Ndinafuna kuwakumbatira, koma ndinangothokoza m'chinenero cha kumeneko kuti, "Yewo, amama," manja akununkha nsomba.

Ndinakhala pasukulu ija zaka zambiri, ndipo phunzirolo ndinkalibwereza chaka ndi chaka. Koma mpaka lero, kaya n'kutuma ana, kaya n'kuyambitsa ntchito ina iliyonse, sindiponya kanthu ndisanadziwe amene akatole.