Munda wa Kasmuri ndi madzi otulukira pansi

Kasmuri anabadwira m'mudzi wina wa kumpoto kwa chilumba cha Java, m'banja la alimi a mpunga, ndipo ali mwana nyanja ankangoimvera kwa anthu. Wofuna kukaiona ankayenda mpaka miyendo kuwawa, kudutsa minda, kenako nkhalango ya m'matope. Bambo ake atamwalira munda unagawidwa pawiri: Kasmuri, poti ndiye wamkulu, anatenga chigawo cha kumtunda, mng'ono wake Darsan cha kumunsi. Kasmuri anakwatira Ngatemi, mkazi wa manja achangu powokera mbande, ndipo ana awo aakazi anakula ndi mpunga wa m'munda umenewo.

Palibe amene angaloze chaka chimene zinthu zinayamba kutembenuka. Mitengo ya kokonati ya kumapeto kwa mudzi inauma kuyambira kunsonga, n'kutsala mizati yokhayokha. Achule anachepa. M'ngalande zothirira munayamba kupezeka nkhanu zimene kale Kasmuri ankangoziona pamsika. Tsiku lina akuzula udzu ananyambita mlomo nadabwa kuti thukuta lake lawawa chonchi bwanji, kenako anazindikira kuti anali madzi a m'munda amene anamudumphira kumaso.

Anthu a kumunsi anasiya mpunga mmodzimmodzi. Ankagumula makoma adothi a minda yawo, kulowetsa nyanja, n'kuyamba kuweta nsomba za bandeng. Darsan anapirira nyengo zingapo akukolola mphwepwa, koma mapeto ake anabwera kwa mkulu wake. Anakhala pakhonde, namwa khofi wa Ngatemi mpaka kutha asananene chimene wabwerera. Atanena kuti nayenso akufuna kulowetsa nyanja m'munda mwake, Kasmuri anayang'ana kumbali. Onse awiri ankadziwa kuti munda wa Darsan ndiwo unali chotchinga, ndipo ukasanduka dziwe mchere udzagundana ndi mpunga wa Kasmuri.

"Undipatse nyengo imodzi yokha, Dik," anatero Kasmuri. Kwawoko mng'ono amamuitana kuti Dik, mkulu Kang.

"Kang, inu nyanja mukuiyesa mbuzi ya aneba eti? Imeneyi si yothamangitsa ndi mwala."

Komabe Darsan anavomera, nasiya munda wake uli gone chaka chimenecho.

Kasmuri anagwira ntchito ngati wolodzedwa. Ankasenza dothi m'madengu kukweza khoma, mpaka anthu odutsa n'kumamufunsa ngati akumanga munda kapena ndende. Chodabwitsa n'chakuti mpunga unamera bwino kuposa zaka zonse zapafupi. Unabiriwira, unatulutsa ngala zolemera, ndipo omuseka aja anayamba kuima pamsewu n'kumauyang'ana. Ngatemi yekha ndiye sanakondwe. Anamangira zingwe ndi zitini zoopsezera mbalame monga mwa nthawi zonse, koma mbalamezo sizinabwere. Anauza mwamuna wake kuti munda umene mpheta zaukana iye ukumuchititsa nthumanzi. Kasmuri anaseka, nati mpheta nazo zapita kukaweta nsomba.

Mpunga utatsala pang'ono kucha, masana ena opanda mtambo kapena mphepo, Ngatemi akupeta kukhitchini anamva mapazi ake kuzizira. Madzi ankatuluka m'ming'alu ya simenti mwakachetechete, ngati pansi pakutuluka thukuta. Anaitana mwamuna wake ndi mawu otsika.

"Pak, bwerani muone. Alowa."

Kasmuri anathamangira kumunda mtima uli pa Darsan, poganiza kuti wagumula khoma mwamseri. Anamupeza ataimirira pakhoma lakelo, lili lonse, lopanda ndi mng'alu womwe. La Kasmuri nalo linali chilili. Koma m'kati mwa munda madzi anali kukwera, akutulutsa thovu pakati pa mapesi. Darsan anamuyang'ana mkulu wake, naona chimene ankamuganizira. Anangotembenuka kukatenga bwato.

Anamweta mpunga wosakhwimitsa, madzi ali m'chiuno. Akazi a m'mudzimo anabwera ndi zikwakwa osaitanidwa, ena atazula zitseko za nyumba zawo kuti aziyandamitsirapo mitolo. Panalibe woimba kapena woseleula mnzake monga zimakhalira pokolola. Anakauyanika pabwalo la mzikiti, pomwe panali pokwera. Wambiri unali mphwepwa, ndipo wotsalawo unkanyenyeka kuchigayo n'kumanunkha matope ukaphikidwa. Kasmuri anaudya wonse mpaka thumba lomaliza, osalola kuti ngakhale pang'ono apatse abakha.

Madziwo anaphwa, anabweranso, ndipo pobwera kachitatu sanachokenso. Dziwe la Darsan nalo silinakhalitse. Mphepo ya dzinja lotsatira inasungunula makoma, nsomba zonse n'kulowa m'nyanja. Ngatemi anapirira mpaka miyendo yake inayamba zilonda, kenako anapita kukakhala kwa mwana wawo wamkulu kumtunda. Anapempha mwamuna wake kuti apitire limodzi, koma iye anati abwera m'mbuyo.

Kasmuri akadali m'mudzimo. Wathira dothi m'nyumba kangapo kukweza pansi, moti masiku ano amalowa chowerama ndipo akaimirira mutu umagunda denga. Amasoka maukonde a anthu, ndipo mpunga amagula m'sitolo monga aliyense. Lachisanu amapita kumzikiti pa kamlatho ka nsungwi.

Mwezi wathawu m'mudzimo munagwa maliro a nkhalamba ina, ndipo okumba manda anapeza madzi asanafike m'mawondo. Thupi analinyamula pa bwato kukaliika kumudzi wina. Pobwerako abale awiriwa anakhala mbali imodzi, Darsan akupalasa. Kasmuri anamuuza kuti tsiku lake likadzafika, iyenso adzamutengere kumtunda, kouma.

Darsan anayankha akupalasabe.

"Ndamva, Kang. Koma kumtunda kwake mpaka pati?"